Mayeso olowera kusukulu ya bizinesi: mafunso amene anthu amandifunsa kawirikawiri

Chilembereni GMAT kachiwiri n'kupeza malikisi amene ndinkafuna, anthu akhala akundifunsa mafunso omwewomwewo, ena anzanga akuntchito, ena achibale, ena oti sindikuwadziwa n'komwe angomva kuti uyu analembapo. Nde ndaona kuti bola ndingoyankha onse pakamodzi. Malamulo a mayesowa amasintha nthawi ndi nthawi, choncho musanalipire kalikonse kaonaninso pa webusaiti ya mba.com, kumeneko ndi kumene eni ake amaika zonse.

Mayeso amenewa ndi ati kwenikweni, ndipo amalembetsa ndani?

Odziwika kwambiri ndi GMAT, dzina lonse Graduate Management Admission Test. Eni ake ndi bungwe lotchedwa GMAC. Analembedwa koyamba mu 1954 ali ndi dzina lina, ili la GMAT linabwera mu 1976. Sukulu ngati Harvard Business School, Wharton, INSEAD, London Business School ndi zina zambirimbiri zimafuna malikisi a mayeso oterewa kwa munthu amene akufuna MBA kapena masitazi ina ya za bizinesi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ofunsira malo amachokera mayiko osiyana, mayunivesite osiyana, wina anachita za uinjiniya, wina za malamulo, wina unamwino, ndiye digiri ya uyu ndi ya uyo sungaziike pa sikelo imodzi. Mayesowa ndiye muyeso umodzi umene onse adutsamo.

Chimene ambiri amadabwa nacho n'choti mulibe funso la bizinesi m'menemo. Sakufunsani za akaunti, za msika kapena za kayendetsedwe ka kampani ayi. Akufuna aone mmene mutu wanu umagwirira ntchito nthawi ikakhala yochepa, basi.

Muli chani mkatimo?

Kuyambira mu Novembala 2023 mayesowa anasintha, ndipo akale aja anasiya kulembedwa kumapeto kwa Januwale 2024. Izi ndikuzinena dala chifukwa pali mabuku ndi mavidiyo ambiri akale amene akuzungulirabe, ndipo munthu utha kutha mwezi wathunthu ukuloweza malamulo a galamala a gawo la Sentence Correction lomwe kulibenso. Chimangirizo chimene ankalembetsa kale anachichotsanso, jometire nayenso pafupifupi yense anatuluka.

Pano muli magawo atatu, lililonse mphindi 45. Quantitative Reasoning, amene ndi masamu, muli mafunso 21. Verbal Reasoning, kuwerenga ndi kusanthula mfundo m'Chingerezi, mafunso 23. Data Insights, kumene amakupatsani matebulo, ma graph, timakalata ndi manambala kuti mutolemo yankho, mafunso 20. Onse pamodzi 64, maola awiri ndi mphindi 15, osawerengera kapumulo kamodzi ka mphindi 10 kamene mungatenge ngati mukufuna. Gawo loyambira mumasankha nokha. Kalikuleta amakupatsani pa Data Insights pokha, pa masamu enieniwo palibe, nde zolowerani kuchulukitsa ndi kugawa pamanja kuyambira lero.

Malikisi ake amayenda bwanji? Ndikufunika angati?

Onse pamodzi amayambira 205 kulekeza 805, ndipo gawo lililonse limapatsidwanso akeake kuyambira 60 mpaka 90. Magawo atatuwo ali ndi mphamvu yofanana, ndiye amene amanyoza Data Insights poganiza kuti ndi kagawo kongowonjezera amadzipweteka okha.

Samalani pomvetsera nkhani za anthu amene analemba kale. Munthu akakuuzani kuti "popanda 700 usayese n'komwe" mufunseni kuti 700 ya liti, chifukwa sikelo inasintha. Eni mayesowa amati 645 ya masiku ano ikufanana ndi 700 ya kale ija. Ndaonapo munthu atakhumudwa mpaka kufuna kusiya zonse chifukwa wapeza 655, osadziwa kuti wakhoza bwino lomwe.

Palibe malikisi oti apa ndiye pokhozera. Sukulu zambiri zimafalitsa avereji ya kalasi imene zinatenga chaka chathachi, kaoneni ya sukulu zimene mukufunazo ndipo mulinge pamenepo kapena kupitirirako pang'ono, makamaka ngati mukufunanso sikolashipu. Malikisiwo amagwira ntchito zaka zisanu.

Ndamva kuti kompyuta imasintha mafunso malinga ndi mmene ukuyankhira, zoona zimenezo?

Zoona. Mukakhoza funso, lotsatira limakhala lolimbirapo, mukaphonya limafewerapo, ndipo malikisi anu sangodalira kuchuluka kwa mafunso amene mwakhoza komanso kulimba kwake. Ndiye anthu awiri atha kuphonya mafunso asanu aliyense koma n'kupeza malikisi osiyana kwambiri.

Zimenezi zili ndi phunziro lake lomwe ine linanditengera nthawi kulivomereza. Mayesowa anapangidwa kuti akufikitseni pamene nzeru zanu zikuthera. Olo mukhale katswiri bwanji, mudzakumana ndi funso loti lakukanikani, ndipo kumva ngati zinthu zikuvuta sikutanthauza kuti mukulakwa, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti kompyuta yakukwezani. Ife amene tinazolowera kusukulu kuti mayeso ukakonzekera bwino umayankha zonse, zimenezi zimatisokoneza mtima kwambiri. Ndipo musamataye nthawi kuyesa kulota kuti funso ili ndi lofewa nde kuti ndaphonya lapitalo, simungadziwe, ingoyankhani lili patsogolo panulo.

Masamu ndinawasiya kalekale. Ndingathe?

Mungathe. Masamu ake ndi a kusekondale, mafulakishoni, maperesenti, ma ratio, aljebura yoyambirira, za liwiro ndi mtunda, za anthu ogwira ntchito limodzi, avereji, ma prime number, ndi probability pang'ono. Palibe calculus. Kuvuta kwake kuli pa misampha imene amatchera mkati mwa funso looneka lophweka.

Taonani ichi. Mtengo wa chinthu wakwera ndi 20 peresenti, kenako watsika ndi 20 peresenti. Mutu umathamangira kunena kuti wabwerera pomwe unali. Ayi. Yambani ndi 100, kukwera ndi 120, ndiye 20 peresenti ya 120 ndi 24, mwatsala ndi 96. China, galimoto yapita pa liwiro la makilomita 60 pa ola n'kubwerera msewu womwewo pa 40, avereji ya ulendo wonse si 50 koma 48, poti yakhala nthawi yaitali ikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi imene imathamanga. Ndipo dziwani kuti 50 uja adzakhalapo ndithu pa mayankho asanu amene amakupatsani kuti musankhepo, akukudikirani.

Ngati mwachita dzimbiri, milungu itatu kapena inayi yoyambirira ingobwererani ku maziko osadziikira nthawi. Lowezani matebulo ochulukitsa, masikweya mpaka 20, ndi mafulakishoni odziwika ngati 1/8 kuti ndi 12.5 peresenti. Zimaoneka za ana koma zimakupulumutsirani masekondi ambiri pa funso lililonse.

Nanga Data Sufficiency ndi chilombo chanji?

Awa ndi mafunso a m'gawo la Data Insights amene simunawaonepo kusukulu ina iliyonse, ndipo poyamba amakwiyitsa. Amakupatsani funso ndi mfundo ziwiri, koma sakufuna yankho la funsolo. Akufuna muwauze ngati mfundozo zikukwanira kuti munthu apeze yankho.

Mwachitsanzo funso likuti, kodi x ndi yoposa 10? Mfundo yoyamba ikuti x kuchulukitsa ndi x yemweyo ndi 144. Mfundo yachiwiri ikuti x ndi yoposa ziro. Wothamanga amati aaa 12 uyu, mfundo yoyamba yakwana. Koma -12 kuchulukitsa ndi -12 ndi 144 yemweyo, ndiye yoyambayo payokha ikutipatsa eya ndi ayi nthawi imodzi, siyokwanira. Yachiwiri payokha nayonso siyokwanira poti x atha kukhala 3 kapena 50. Mukaziphatikiza ndi pamene mwatsala ndi 12 yekha. Yankho ndi lakuti zonse ziwiri pamodzi ndizo zikukwanira.

Mayankho asanu a mafunso amtunduwu sasintha, amakhala omwewo m'ndondomeko yomweyo nthawi zonse, nde alowezeni kuti patsikulo musamawawerengenso. Ndipo pamene mukuyesa mfundo yachiwiri iwalani dala zimene yoyamba yanena, apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Kumbukiraninso kuyesa ziro, manambala a negative ndi mafulakishoni, osangoti 1, 2, 3.

Chingerezi si chilankhulo changa chobadwa nacho. Verbal indipweteka?

Osati mmene mukuopera. GMAT sifunsa matanthauzo a mawu ovuta, imafunsa ngati mwamva chimene wolemba akunena ndiponso ngati mukutha kuona pamene mfundo yake ikutsimphina. Pali mitundu iwiri, ndime zazitali zowerenga n'kuyankha mafunso, ndi tindime tatifupi ta Critical Reasoning.

Ka Critical Reasoning kamakhala chonchi. Kampani ina yasintha maonekedwe a paketi ya katundu wake, mwezi wotsatira malonda akwera, bwana akuti paketi yatsopanoyo ndi imene yakweza malonda. Funso, ndi mfundo iti ingafooketse ganizo la bwanayu? Ntchito yanu ndi kuona chimene iye wangochitenga ngati choona osachinena, apa n'choti palibe china chimene chinasintha mwezi umenewo. Ndiye yankho loti kampani imene amapikisana nayo inatseka mwezi womwewo likumugwetsa. Yankho loti makasitomala ena sakonda mtundu wa paketiyo limamveka ngati likutsutsa koma silikukhudza chimene chakweza malonda. Musanayang'ane mayankho, nenani kaye m'mawu anuanu, olo m'Chichewa mumtima, kuti munthuyu akuti chani ndipo akutsamira pa chani. Ine zinandithandiza kwambiri zimenezi, chifukwa chinthu ukalephera kuchinena m'chilankhulo chako ndiye kuti sunachimve.

Pa ndime zazitali, chimene chimavuta ndi kutopa ndi nkhani zosakusangalatsa, za sayansi, mbiri yakale, zachuma. Mankhwala ake ndi kuwerenga nkhani zolimba tsiku lililonse mphindi 20 kapena 30, ngati za mu The Economist kapena Scientific American, ndipo mukamaliza ndime iliyonse mudzifunse kuti ndimeyi yabwera kudzatani.

Dziwaninso kuti GMAT silowa m'malo mwa TOEFL kapena IELTS, mayeso oyesa Chingerezi chanu, sukulu zina zidzafunabe amenewo padera kutengera kumene munaphunzira.

Ndiyambire pati?

Lembani mayeso oyeserera athunthu sabata yoyamba yomweyo, musanawerenge zambiri. Pa mba.com pali awiri aulere ochokera kwa eni ake. Ingodziwani kaye mitundu ya mafunso tsiku limodzi kapena awiri kenako khalani pansi mulembe ndi nthawi yake yeniyeni. Malikisi adzakhala otsika, musadandaule nazo. Chimene mukufuna ndi kudziwa pamene mwaima ndi gawo limene likukuvutani, apo ayi mudzatha miyezi mukuwerenga zimene mumazidziwa kale chifukwa ndi zimene zimakoma kuwerenga.

Ndikuyankha mafunso ambirimbiri koma malikisi sakukwera. Chikulakwika n'chani?

Funso ili ndi limene ndimafuna aliyense atalimvetsa, chifukwa ndi pamene ine ndinataya miyezi itatu. Ulendo woyamba ndinkayankha mafunso 40 kapena 50 usiku uliwonse, kenako n'kuona mayankho kumapeto kwa buku, ndakhoza angati ndaphonya angati, n'kuwerenga kufotokoza kwake mothamanga, n'kunena kuti ooh zoona, n'kupitirira. Ndinkagona ndikumva kuti ndagwira ntchito. Koma ndikalemba mayeso oyeserera malikisi anali pomwepo, osasuntha.

Ulendo wachiwiri ndinagula kope wamba n'kulemba mizere. Funso lililonse limene ndaphonya, kapena ndakhoza mongolota, kapena landitengera mphindi zoposa zitatu, linkalowa m'kopemo. Ndinkalemba tsiku, mtundu wa funso, yankho limene ndinasankha, ndipo chofunika kwambiri, chifukwa chenicheni chimene ndaphonyera. Osalemba kuti "kusasamala" ayi, mawu amenewo sathandiza kanthu, ndi pobisalira chabe. Ndinkalemba ngati, ndinapeza x pamene funso limafuna 2x. Kapena, ndinaiwala kuti nambala itha kukhala ya negative. Kapena, ndinasankha yankho chifukwa linabwereza mawu a m'ndime koma tanthauzo linali lina. Kapena, sindidziwa lamulo la ma exponent, ndikawerengenso. Kenako mzere womaliza, ndidzachita chani ndikadzakumananso ndi lotere.

Patatha milungu itatu ndinatsegula kope lija kuliwerenga kuyambira koyamba ndipo ndinaona chinthu chimene sindikanachiona mwanjira ina. Zolakwa zanga sizinali zambirimbiri zosiyana ayi, zinali zinayi kapena zisanu zomwezo zikungosintha malaya. Chachikulu chinali kusawerenga chiganizo chomaliza cha funso, ndinkayamba kuwerengetsa ndisanamve chimene akufuna. Ndiye ndinadziikira lamulo loti ndisanadine yankho ndibwerere ku chiganizo chomaliza chija, masekondi asanu okha. Kachinthu kakang'ono kameneko kanandikwezera malikisi kuposa mafunso mazana aja.

Choncho chepetsani mafunso, chulukitsani kubwereza. Mafunso 15 amene mwawasanthula bwino aposa 50 ongodutsamo. Ngati mwatha mphindi 30 kuyankha, konzekani kutha mphindi 45 kapena ola kuwaunika. Olo amene mwakhoza aoneninso, mwina pali njira yachidule imene simunaione. Pa Verbal musangokhutira kudziwa chifukwa chimene yankho lolondola lili lolondola, nenaninso chimene chalakwika ndi anayi enawo, limodzi ndi limodzi. Ndipo funso limene mwaphonya lero mulibwererenso pakatha masiku anayi kapena sabata osayang'ana yankho. Mukaliphonyanso ndiye kuti tsiku lija munangogwedeza mutu, simunaphunzire.

Ndikudziwa kuti n'zotopetsa ndipo sizikoma kuyang'anizana ndi zolakwa zako tsiku ndi tsiku. Koma pa zonse ndalemba pano, ngati mutenge chimodzi chokha tengani kope limeneli.

Ndimagwira ntchito tsiku lonse. Ndikufunika miyezi ingati?

Kwa munthu wapantchito ine ndimati miyezi itatu kapena inayi, ola limodzi kapena limodzi ndi theka masiku antchito, ndi maola atatu kapena anayi Loweruka kapena Lamlungu. Ngati maziko a masamu agwa kwambiri onjezerani mwezi. Kupitirira miyezi isanu ndi umodzi anthu ambiri amayamba kutopa n'kumaiwala zimene anayamba nazo.

Pang'onopang'ono ndi mtolo, ola limodzi tsiku lililonse liposa maola asanu ndi atatu Lamlungu lokha. Ngati mungathe werengani m'mawa musanapite kuntchito mutu udakali wopepuka, chifukwa madzulo mumakhala mutapereka kale nzeru zanu zonse kwa abwana. Ndipo auzeni a kunyumba kwanu zimene mukuchita ndi tsiku limene zidzathe, anthu amapirira bwino akadziwa kuti chinthu chili ndi malire.

Muwerengenso chobwerera kuchokera pa tsiku lotsekera mafomu. Sukulu zambiri za ku America zimalandira mafomu m'magulu, loyamba cha mu Seputembala, lachiwiri cha mu Januwale. Lembani mayeso miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike kuti mukhale ndi mpata wobwereza, komanso kuti musamalimbane ndi masamu nthawi imene mukuyenera kulemba zimangirizo za pa fomu ndi kupempha makalata okuchitirani umboni.

Ndigule mabuku ati? Kosi yolipira ndi yofunika?

GMAT Official Guide ya chaka chaposachedwa, chifukwa muli mafunso enieni amene analembedwapo. Mafunso opangidwa ndi makampani ena amathandiza pa masamu koma pa Verbal nthawi zambiri sakhala ndi kakomedwe kofanana, ndiye amakuzolowezani zolakwika. Osaunjika mabuku asanu ndi mafayilo odzaza foni, buku limodzi lomalizidwa bwino ndi lokwanira.

Kosi imathandiza munthu amene payekha satha kudzigwira, kapena amene maziko akufunika wina womufotokozera. Koma siikuwerengerani. Ndipo aliyense wokulonjezani malikisi akutiakuti motsimikiza, kapena wonena kuti ali ndi mafunso otuluka patsikulo, kapena woti akulemberani, muthaweni. Akakugwirani amafufuta malikisi, atha kukuletsani kulembanso, ndipo sukulu zimauzidwa.

Nthawi imandithera ndisanamalize. Nditani?

Gawani muone. Pa masamu muli ndi mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa pa funso, pa Verbal mphindi ziwiri osakwana bwino, pa Data Insights ziwiri ndi masekondi 15. Ulendo wanga woyamba ndinakakamira funso limodzi la probability mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri, mumtima ndikuti ili lokha ndilithe poti ndaliyamba kale, ndipo pomwe ndimadzutsa mutu kuyang'ana wotchi ndinali ndi mafunso asanu ndi limodzi m'mphindi zinayi. Manja ananjenjemera, ndinangodina mwachisawawa, ena mwa iwo anali oti ndikanawakhoza bwinobwino.

Kusiya mafunso osayankha kumapeto kuli ndi chilango chake pa malikisi, nde zivute zitani malizani gawo lonse. Funso likafika mphindi ziwiri ndi theka musanaone njira, chotsani mayankho amene akuonekeratu kuti ndi olakwika, lotani pa otsalawo, ikani chizindikiro, pitirirani. Simungalumphe funso osayankha, koma mayeso atsopanowa amalola kuti nthawi ikatsala kumapeto kwa gawo mubwerere n'kusintha mayankho mpaka atatu. Ndiye kulisiya funso si kulitaya. Osamayang'ana wotchi funso lililonse, zimangowonjezera mantha, dziikireni malo atatu oyang'anira, mwachitsanzo pa masamu mukamafika funso la 8 mukhale mwatsala ndi mphindi 30 kapena kuyandikira pamenepo.

Kudziwa funso loti ulisiye ndi luso loti muliyeserere kunyumba ngati mmene mumayesererera aljebura, silibwera lokha patsikulo.

Mayeso oyeserera ndilembe angati?

Anayi mpaka asanu ndi limodzi pa nthawi yonse akwana, motalikirana milungu iwiri, kumapeto mwina sabata iliyonse. Alembeni ngati enieni, nthawi yomweyo ya tsiku imene mudzalembe, foni yozimitsa, osaimitsa wotchi, kupuma kamodzi kokha. Tsiku lotsatira likhale lowaunika. Yesaninso kusintha gawo loyambira kuti muone chimene chikukuyanjani, ena amafuna ayambe ndi lovuta mutu udakali watsopano, ena amafuna lofewa kuti mtima ukhale pansi.

Bwanji GRE? Nanga CAT ndi Executive Assessment n'chani?

Sukulu zambiri za bizinesi masiku ano zimalandira GRE mofanana ndi GMAT, koma funsani sukulu yanuyo. GRE ndi ya bungwe la ETS, kuyambira mu Seputembala 2023 inafupikitsidwa kufika ola limodzi ndi mphindi 58. Ili ndi chimangirizo chimodzi cha mphindi 30, malikisi a Verbal ndi a masamu amayambira 130 mpaka 170, kalikuleta ilipo pa masamu onse, ndipo mutha kulumpha funso n'kulibwerera mkati mwa gawo. Kuipa kwake kwa ife n'koti imafuna mawu ambiri ovuta a Chingerezi oti uloweze. Ngati simukudziwa kolowera lembani oyeserera aulere a mbali zonse ziwiri muone kumene mwaima bwino, kenako sankhani amodzi osayang'ananso m'mbuyo.

CAT ndi ya ku India, yolowera ku ma Indian Institutes of Management. Imalembedwa kamodzi kokha pachaka cha kumapeto kwa Novembala, maola awiri, ndipo pa mafunso osankha yankho ukaphonya amakuchotsera malikisi, ndiye malangizo anga a kulota aja kumeneko muwatenge mosamala. Executive Assessment ndi ya GMAC yomweyo, mphindi 90, mafunso 40, inapangidwira anthu amene agwira ntchito zaka zambiri ndipo akufuna Executive MBA.

Ndilembere kunyumba kapena kusenta?

Mayeso ndi omwewo, malikisi ndi omwewo. Kunyumba mumafunika chipinda cha nokha chotseka, kompyuta ya kamera, ndi intaneti yoti siduka, ndipo pamakhala munthu wokuyang'anirani kudzera pa kamerayo nthawi yonse. Ngati magetsi kapena intaneti kumene mukukhala sizodalirika, kapena m'nyumba muli ana, pitani kusenta ya Pearson VUE olo ikhale kutali. Ine ndimakonda kusenta chifukwa chikavuta ndi makina si mlandu wanu. Bukitsani msanga, malo amatha miyezi imene mafomu ali pafupi kutsekedwa.

Sabata yomaliza ndi tsiku lenilenilo ndichite chani?

Sabata yomaliza osayamba mutu watsopano. Werengani kope lanu lija, yankhani mafunso ochepa kuti dzanja lisazizire, gonani mokwanira. Dzulo lake pumulani.

Onetsetsani kuti dzina limene munalembetsa likufanana ndendende ndi la pa chiphaso chanu, ndipo ngati mukukalembera dziko lina tengani pasipoti yosatha ntchito. Anthu amabwezedwa pakhomo chifukwa cha zimenezi. Fikani mphindi 30 nthawi isanakwane. Foni, wotchi, chikwama zonse zimatsala mu loka, ndipo sakupatsani pepala ndi pensulo koma timapepala tapulasitiki ndi cholembera cha inki yofufutika, ndiye yeserani kulemba masamu ndi maka kunyumba kuti dzanja lisadabwe. Kapumulo kaja katengeni, imwani madzi, tambasulani miyendo, koma bwererani nthawi isanathe. Gawo limene mwamaliza lisiyeni komweko, musalowe nalo m'gawo lotsatira. Mukangomaliza malikisi osatsimikizika amaoneka pa sikirini pompo, otsimikizika amabwera pakadutsa masiku ochepa.

Ndikapeza malikisi otsika ndiye kuti zanga zada?

Ayi ndithu. Mutha kulembanso pakadutsa masiku 16, mpaka kasanu m'miyezi 12, ndipo malikisi mumatumiza kusukulu mutawaona kale, nde amene simukuwafuna simutumiza. Kungoti osathamangira kubwereza pa tsiku la 17 muli ndi ukali, opanda chimene mwasintha. Lipoti limene amakupatsani limaonetsa mmene munachitira pa mtundu uliwonse wa mafunso ndi mmene munagwiritsira ntchito nthawi, likhalireni pansi. Ngati kunyumba mumapeza bwino koma patsikulo mwagwa, vuto ndi mantha kapena nthawi, milungu itatu kapena inayi ikwana. Ngati malikisi akufanana ndi a kunyumba ndiye kuti pakufunika kuphunzira kwenikweni, dzipatseni miyezi iwiri.

Ndikakhoza bwino kwambiri ndiye kuti malo ndapeza?

Ayi, ndipo ndibwino mudziwiretu. Malikisi amangopangitsa kuti fomu yanu iwerengedwe mwachidwi. Akatero amayang'ana ntchito imene mwagwira ndi chimene chinasintha chifukwa inu munalipo, magiredi a digiri yoyamba, makalata a anthu amene anakuyang'anirani pantchito, zimangirizo zanu, ndi intavyu. Alipo amene amakanidwa ali ndi malikisi apamwamba zedi, aliponso amene amatengedwa ali pansi pa avereji chifukwa nkhani yawo ndi yomveka ndipo akudziwa chimene akukafuna kusukuluko. Mukafika pa avereji ya sukulu yanu kapena kupitirira pang'ono, siyani kuthamangitsa mapointi 10 owonjezera. Tsekani Official Guide, muimbire foni bwana amene mukufuna adzakulembereni kalata uja, mumupatse miyezi iwiri yoti akonzekere, ndipo inu muyambe kulemba chimangirizo choyamba.